Ndinaseka pamaliro: kodi mlandu ndi wanga?

Caka catha, nyengo yozizira titangomaliza kukolola, m'mudzi mwathu munagwa maliro a bambo wina amene ndinakula naye. Tinkaweta limodzi ng'ombe tili anyamata, pa nthawi ya nkhondo tinathawira limodzi mbali ya Dedza, ndipo mtendere utabwera mu 1992 tinabwerera limodzi kudzatsegula minda imene inali itasanduka chire. Tsiku loika ndinakhala ndi amuna anzanga kumanda. Adzukulu atayamba kutsitsa bokosi, amayi ali pakati polira, ine ndinaseka. Sikunali kumwetulira kobisa ayi. Kunali kuseka kokweza, kogwedeza mapewa, ndipo sindinathe kukuletsa ngakhale ndinaluma mlomo ndi kutseka pakamwa ndi cipewa. Mumtima munalibe cosangalatsa ciliconse. Ndinali ndi cisoni ngati wina aliyense, mwinanso kuposa ambiri. Mwana wanga anandigwira dzanja n'kundicotsapo, anthu akutipatsa njira osatiyang'ana kumaso.

Inu amene mumakhala m'midzi ngati wathu mukudziwa zimene anthu amaganiza za nkhalamba yoseka pamanda. Sabata isanathe, ana ena anali atasiya kudutsa pakhomo panga.

Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi funso limene silicoka m'mutu mwanga, ndipo ndikufuna kuti tiliunike pamodzi. Munthu akacita coipa kapena cocititsa manyazi cifukwa ubongo wake wavulala, mlandu ndi wa yani? Ndi wake kapena ndi wa matenda? Nanga tikanena kuti zonse ndi matenda, munthu uja watsala pati?

Ndiyambe ndi matendawo. Miyezi 8 maliro aja asanacitike, ndinagwa m'dimba ndikuthirira kacewere. Mkono ndi mwendo wa kumanzere zinangoti lende, pakamwa panakhota, malovu akutuluka okha. Ku cipatala anati ndi AVC. Kuno ambiri timati trombose, pamene abale athu a tsidya la msewu amati sitiroko kapena kufa ziwalo. Anandifotokozera kuti mtsempha wopititsa magazi ku ubongo umatha kutsekeka kapena kuphulika, ndipo kacigawo ka ubongo kamene kasowa magazi kamayamba kufa m'mphindi zocepa. Mbali ya kumanja ya ubongo ndiyo imayendetsa thupi la kumanzere, motero ine wovulala kumanja m'mutu ndinalemala kumanzere. Cimene cinandigwetsa ndi kuthamanga kwa magazi, tensau, imene ndinakhala nayo zaka zambiri osadziwa, pakuti kawirikawiri siipweteka.

Thupi linabwerera pang'onopang'ono. Mwezi woyamba ankacita kundinyamula. Mwezi wacitatu ndinkayenda ndi ndodo kuzungulira nyumba. Patatha theka la caka ndinafika ndekha ku chalichi, ndipo anthu anandigwira canza mosangalala: "Mwaciratu bambo, Mulungu ngwamkulu." Sanalakwe, ananena zimene maso awo anaona. Koma dzina lakuti kufa ziwalo limatisoceretsa pang'ono. Limatiuza kuti vuto lili m'mwendo ndi m'mkono, pamene bala lenileni lili m'mutu, komwenso kumacokera kukumbukira, kuleza mtima, kulira ndi kuseka. Mwendo ukayamba kuponda, anthu amasiya kudzakuona, osadziwa kuti matenda ena akungoyamba kumene.

Ndinene zimene zinkandicitikira, pakuti sizioneka ndi maso. Misozi inkabwera popanda cifukwa. Mdzukulu akandipatsa madzi akumwa ndinkalira ngati ndafedwa, n'kuleka mwadzidzidzi patapita kanthawi, mtima uli phee monga kale. Kuseka kunkabwera mwa njira yomweyo. Ndinkatopa kutopa kumene kugona sikuthetsa. Kuceza ndi alendo ola limodzi kunkandimaliza kuposa mmene kunkandimalizira kulima tsiku lonse ndili bwino. Pa msika wa Lizulu, pamene ndagulitsapo mbewu zaka zambiri, phokoso linkandizunguza mutu, ndipo ine amene ndinkasintha mametikali kukhala makwacha osagwira colembera ndinaima ndi ndalama m'manja ngati mwana wotumidwa. Mkwiyo unkafika ndisanauone. Usiku ndinkadzuka tambala asanalire, n'kumamvetsera thupi langa, kuopa kuti kadzanzi kalikonse ndi trombose yaciwiri. Ndipo pansi pa zonsezi panali cisoni colemera, cosalira, congokhala pacifuwa, cimene cinkandiuza kuti ndasanduka katundu wa ena.

Poyamba ndinkayesa kuti ndine ndekha. Pambuyo pake ndinaphunzira kuti a zaumoyo amazidziwa bwino zimenezi. Mwa anthu 3 opulumuka matendawa, pafupifupi mmodzi amadwala matenda a cisoni cosatha, amene pa Cipwitikizi amati depressão. Pafupifupi mmodzi mwa 5 amavutika ndi kulira kapena kuseka kosalamulirika m'miyezi yoyamba. Si zacilendo, ndipo si za masiku ano. Kale mu 1872 Charles Darwin, wa ku England, analemba kuti anthu ofa ziwalo mbali imodzi sacedwa kulira. Njira za mu ubongo zimene zimagwira nkhope ndi mawu kuti zidikire mtima zikawonongeka, nkhope imalira kapena kuseka yokha, mtima usanailamule.

Tsopano tibwerere ku funso lija. M'mudzi mwathu anthu anandiweruza mwa njira ziwiri, ndipo zonse ziwiri ndikuzikana.

Ena anati matenda aulula munthu weniweni. Anati mkuluyu ankabisa nkhanza ndi zina zoipa pansi pa jekete la ku chalichi, tsopano zatulukira poyera. Maganizo amenewa amaoneka anzeru, pakuti timadziwa kuti mowa umatulutsa zimene munthu amasunga. Koma taganizani bwino. Aliyense wa ife ali ndi mbuzi mumtima: mkwiyo, nsanje, mawu oipa amene amafika pa lilime n'kubwezedwa. Munthu wabwino si amene alibe mbuziyo, koma amene amaimangirira tsiku ndi tsiku. Cingwe cimeneco analuka yekha kwa zaka makumi ambiri, ndi malangizo a makolo, ndi manyazi, ndi pemphero. Cingweco ndico khalidwe lake. Matenda akacidula, cimene mukuona cikuthamanga m'munda si munthu weniweni amene anabisala. Mukuona munthu yemweyo atalandidwa cipangizo cimene ankadzigwira naco.

Ndinazimvetsa zimenezi nditaona bambo wina amene tinkakumana naye ku cipatala pa masiku olimbitsa ziwalo. Iye anali mkulu wa mpingo kwawo. Analemala kumanja, ndipo mawu ake onse anatayika, kupatula liwu limodzi lotukwana limene linkatuluka akafuna madzi, akafuna kuthokoza, ngakhale akafuna kupereka moni. Likatuluka ankatseka maso ndi manyazi. Koma mwana wake akayambitsa nyimbo ya ku chalichi, bamboyo ankaimba nawo mawu ake bwinobwino. Madokotala akhala akuona zotere kuyambira kale. Mu 1861, ku Paris, dokotala Paul Broca anafotokoza za munthu amene kwa zaka zambiri ankangotha kunena "tan", ngakhale ankamva zimene ena akulankhula. Atamwalira, anapeza kuti mbali ya kumanzere ya ubongo wake, ca kutsogolo, inali yowonongeka. Mawu osankha ndi dala amadutsa njira ina, mawu ongotuluka okha ndi nyimbo zozolowereka zimatha kudutsa njira ina. Tsono ndani angaimirire n'kunena kuti mkulu wa mpingo uja weniweni ndi wa citukwano, osati wa nyimbo, kapena wa maso otsekedwa ndi manyazi aja?

Njira yaciwiri inali ya anthu ondikonda. Iwo ankati: "Asiyeni, sakudziwa cimene akucita. Abwerera ku umwana." Ananena mwacifundo, ndipo kwa masiku ocepa mawuwa anandipumitsa. Koma ndinaona mtengo wake posacedwa. Munthu amene sangalakwe ndiye kuti sangafunsidwenso nzeru. Mphwanga atafuna kukwatira anapita kwa mng'ono wanga, ine mwini mbumba ndili pakhonde. Alendo ankafunsa amayi a kunyumba kuti, "Agona bwanji?" ine ndili pomwepo, makutu ali bwinobwino. Ng'ombe yanga inagulitsidwa, ndipo ndinamva zitatha. Amene ankanditenga ngati mfiti ankandiopa, koma ankandiwerengerabe ngati munthu wocita zinthu. Amene ankandikhululukira zonse anali atandiika m'manda mwaulemu, ndikupumabe.

Cimene cinanditsegula maso ndi mbale ya ndiwo. A ku cipatala anatiuza kuti ticepetse mcere, ndipo amayi a kunyumba anamvera. Tsiku lina madzulo, nditatopa ndi alendo, anandiikira nsima ndi nyemba. Nditalawa, mkwiyo unandikwera ngati moto wa pachire. Ndinakankha mbale, nyemba zotentha zinawathira paphazi, ndipo ndinanena kuti, "Iwe ukufuna ndife." Pa zaka zoposa 40 za banja lathu ndinali ndisanawachulepo kuti iwe. Awa ndi amayi amene anandisambitsa, kundinyamula kupita kucimbudzi, ndi kulima okha munda wonse caka cimeneco. Anapita kuseri kwa nkhokwe. Mwana wathu wamkazi anawatsatira, ndipo ndinamumva akuti, "Amayi, musadandaule, ndi matenda." Usiku, nyale itazima, amayiwo anandiuza motsitsa mawu: "Bambo, ndikudziwa kuti ndi matenda. Koma amene wapsa ndine."

Mawu amenewo sindinathe kuwayankha, ndipo mpaka lero ndikuona kuti ali ndi coonadi cimene njira ziwiri zija zinaphonya. Kudziwa cimene cinayambitsa coipa sikucotsa bala la amene wavulala. Makolo athu anazidziwa kale zimenezi pa bwalo la milandu. Mbuzi yako ikadula cingwe usiku n'kukadya cimanga ca mnzako, palibe amene amakucha wakuba. Komabe sukhala pakhomo n'kumati, "Si ine, ndi cingwe." Umapita kwa mwini munda, umapepesa, umapereka cimene mwagwirizana, ndipo pobwerera umafuna cingwe cina. Kupepesa kumeneko sikutanthauza kuti unafuna kuwononga munda. Kukutanthauza kuti mbuziyo ndi yako, ndipo mnzakoyo ndi munthu. Ndipo onani: amene amapita kukapepesa ndi mwini khomo. Mwana satumidwa kukapepesa mlandu wa mbuzi. Tsiku limene ndinapepesa kwa amayi a kunyumba ndi tsiku limene ndinayambanso kumva kuti ndine munthu wamkulu.

Kucokera pamenepo ndinayamba kugawa zocita zanga m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi zimene sindikanatha kuletsa ngakhale pang'ono, monga kuseka kumanda kuja. Pamenepo ndilibe chimo, monga mmene munthu alibe chimo poyetsemula. Ndili ndi ngongole yokha ya kufotokoza ndi kupepesa kwa amene anapwetekedwa mtima.

Gulu laciwiri ndi zimene sindikanatha kuletsa pa mphindi imeneyo, koma ndikanatha kuzikonzekera. Ndinaona kuti mkwiyo umabwera ndikatopa, ndikakhala ndi njala, kapena anthu ambiri akamalankhula nthawi imodzi. Munthu amene mbuzi yake yadula cingwe katatu, iye osasintha kanthu, sangapitirize kunena za cingwe. Tsopano ndimagona pang'ono masana, alendo ndimawauza ndekha kuti ndatopa, ndipo ndikamva kutentha m'khosi ndimatenga ndodo n'kupita kukhola kufikira kutapita. Sizitheka nthawi zonse. Koma kuyesetsako ndi udindo wanga, osati wa matenda.

Gulu lacitatu ndi limene limandicititsa manyazi kulilemba. Pali zina zimene ndinacita ndikudziwa, n'kubisala kumbuyo kwa matenda. Ndili ndi mkamwini amene sindinkamukonda ndisanadwale. Nditaona kuti mawu anga onse akukhululukidwa, ndinamunyoza pamaso pa ana ake, mutu uli bwinobwino tsiku limenelo, ndipo ndinamva kukoma pamene ena ankati, "Asiyeni, ndi trombose." Uku ndiko kumasula mbuzi ndi manja ako n'kunena kuti yadula. Odwala anzanga, tiyeni tivomere kuti ciyeso cimeneci cilipo. Matenda amatipatsa cikopa, ndipo cikopa cimatha kusanduka cida.

Wina anganditsutse kuti: zonsezi n'zomveka papepala, koma pa tsiku la mkangano ndani angadziwe kuti ili ndi gulu loyamba, ili ndi lacitatu? Funsoli ndi loona, ndipo sindilipeputsa. Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Ine ndaphunzira kuti ukadwala matendawa ngakhale mtima wako womwe umakhala tsidya lina, ndipo masiku ena sindidziwa ngati amene walankhula ndine kapena bala la m'mutu. Palinso odwala ena amene ubongo wawo unavulala kwambiri kotero kuti sazindikira n'komwe kuti asintha, ndipo kwa iwo sitingafune zimene ndikudzifunsa ine. Sikelo yoyezera mlandu bwinobwino palibe. Cimene ndapeza ndi lamulo la mbali ziwiri. Wodwala akakayika, apendekere ku kupepesa. Wosamalira akakayika, apendekere ku kukhululuka. Aliyense akasenza mbali yake, amakumana pakati. Zimaipa pamene asinthana, wodwala n'kumadzikhululukira yekha, wosamalira n'kumawerenga milandu.

Koma kukhululuka kuli ndi malire amene tiyenera kuwanena poyera, cifukwa osamalira ambiri m'midzi yathu ndi amayi, ndipo amayi anaphunzitsidwa kupirira osalankhula. Mkazi amene mwamuna wake wadwala matendawa wataya zambiri naye. Munthu amene ankamudziwa wasintha, nchito yawonjezeka, ndipo sangalire maliro cifukwa palibe wamwalira. Ali ndi ufulu wotopa. Ali ndi ufulu wonena kuti wapsa. Ngati wodwala wayamba kumenya kapena kuopseza, imeneyo si nkhani yobisa m'nyumba. Ankhoswe adziwe, abale asinthane naye, ndipo a ku cipatala auzidwe. Mudzi umene umayamika mkazi kuti ndi wopirira, koma osamutumizira munthu womupumitsa tsiku limodzi pa sabata, ukumuyamika kuti usamuthandize.

Nanga inu a pamudzi, ngongole yanu ndi yotani? Si yaikulu. Mukabwera kudzationa musafunse za mwendo wokha. Funsani kuti, "Nanga mumtima muli bwanji? Mukugona tulo?" Funsani ife eni ake, osati amene wakhala pambali pathu, ndipo dikirani yankho ngakhale licedwe. Bwerani awiri awiri, osati gulu, ndipo musaleke kubwera mwezi woyamba ukatha. Tikayamba kulira popanda cifukwa musacite mantha, khalani cete pang'ono kapena sinthani nkhani, zimapita zokha. Pitirizani kutifunsa nzeru pa za munda, za ukwati, za malire, ngakhale mudzaone kuti zina talakwitsa. Mukaona wodwala wasiya kudya, wasiya kulankhula, sakufunanso kulimbitsa ziwalo, kapena akunena kuti kuli bwino atafa, musati ndi ulesi kapena kucepa kwa cikhulupiriro. Amenewo ndi matenda, ndipo ali ndi cithandizo. M'zipatala za m'maboma athu ambiri muli ogwira nchito amene anaphunzira za matenda a maganizo, ndipo alipo mankhwala amene amacepetsa cisoni cosatha, ngakhalenso kulira ndi kuseka kosalamulirika. Ine ndinacedwa kupita cifukwa ndinkaopa kuti anthu adzati ndapenga. Nditapita, ndinadandaula miyezi imene ndinataya. Ndipo inu amene muli bwino, kayezetseni tensau, pakuti matendawa sagogoda.

Za maliro aja, ndinadikira mwezi umodzi, kenako ndinapempha a mfumu ndi mng'ono wanga kuti andiperekeze kwa anamfedwa. Ndinanyamula nkhuku. Ndinafotokoza za bala la m'mutu monga ndafotokozera pano, ndipo ndinati: "Sindinafune kuseka, koma ndinaseka, ndipo munamva ndinu. Pepani." Ndili pakati polankhula misozi inayamba, ndipo sindingakuuzeni ngati inali ya matenda kapena yanga. Amayi ofedwawo anakhala cete nthawi yaitali, kenako analandira nkhukuyo n'kunena kuti malemu akanakhalapo akanandiseka ine. Ena pabanjapo anakhulupirira, ena mpaka lero amandiyang'ana cam'mbali, ndipo sindingawakakamize.

Sindinasiye kupita kumaliro, pakuti munthu amene sapita kumaliro wadzicotsa yekha m'mudzi. Ndimakhala kumapeto kwa anthu, pafupi ndi njira, mdzukulu wanga wamkulu ali pambali. Ndikamva kuti cinthu cija cikubwera ndimamugwira paphewa, timapita kuseri kwa mitengo, ndipo cikatha timabwerera kudzathira nawo dothi.